Nthochi, Bolodi Imene Inaoloka Nyanja Yokha

Chikondi ndi Madalitso, ana anga, ndikulemba izi m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti mumamva, ngakhale mumayankha m'Chingerezi ngati wina akukulipiritsani msonkho pa liwu lililonse la kwathu. Muvutike nacho pang'ono, pamene mwakanika mufunse mayi anu. Za ku Thyolo ndi zaka zimene ndinayendetsa lole ya masamba a tiyi ndinakusimbirani mpaka munatopa nazo. Mutu uno ndi wa ntchito yanga yomaliza. Ndi yankho langanso kwa iwe Chikondi, amene nthawi iliyonse ukabwera kudzakonza m'galaja umafunsa kuti bolodi yachikasu ija ikutanimo, pamene bambo ako sadziwa n'kusambira komwe.

Zaka zinayi zoyamba, ku Swords

Mayi anu ndiwo anatsogola kuno, atapeza ntchito yosamalira odwala pachipatala chachikulu chija cha mumzinda wa Dublin. Ine ndinatsatira patatha chaka, ndi sutikesi imodzi ndi jekete imene ku Thyolo anthu ankaisirira, koma kuno mphepo inkangodutsamo ngati mu neti ya udzudzu. Ntchito yoyamba ndinaipeza pafupi ndi bwalo la ndege, yotsuka galimoto zobwereketsa kwa alendo. Dalaivala wa zaka makumi awiri pamsewu, kugwira siponji! Kapitawo wathu anali munthu wa wotchi. Sankalalata ayi, ankangoima kumbuyo kwako n'kumayang'ana pamkono pake, ndipo zimenezo zinkawawa kuposa kulalatiridwa. M'nyengo yozizira, imene kuno timangoti winta, manja ankang'ambika mpaka kulephera kumanga batani la malaya. Ndinapirira chifukwa inu munali aang'ono ndipo kumudzi anthu ankayang'ana kwa ife.

Munthu amene anatigwira dzanja masiku amenewo ndi Bambo Matiyasi, wansembe wochokera ku Nkhotakota amene ankatumikira parishi ina kumpoto kwa mzinda. Mukuwakumbukira: aafupi, a mawu aakulu, oseka mpaka kutsokomola. Ndiwo anatipezera nyumba yoyamba, ndiwo anakubatiza iwe Madalitso. Bambo anga atamwalira, ine ndili kuno wopanda njira yopitira kumaliro, Abambo Matiyasi anabwera n'kukhala nane pansi tsiku lonse, nsana ku khoma, monga timakhalira pasiwa. Kuyambira pamenepo sindinkawaona ngati wansembe chabe. Ndinali nditataya bambo, ndipo iwo analowa m'malomo osapemphedwa.

Lamulungu lina Misa itatha anandigwira manja, kuwatembenuza, n'kuona ming'alu ija. "A Mbewe, manja awa ndi a chiwongolero, si a sopo," anatero. "Pali mayi wina m'parishi muno, mwana wawo akufuna dalaivala. Kungoti ntchito yake ndi ya anthu openga pang'ono." Ndinafunsa kuti openga motani. Anangoseka, n'kunena kuti ndikaona ndekha.

Winta yoyamba ku shedi

Mwana wa mayi ajawo anali Orla, mtsikana wamtali wa zaka ngati makumi atatu, nkhope yopsa ndi mphepo. Anali ndi shedi yamalata m'mphepete mwa nyanja, ulendo wa mphindi makumi awiri kuchokera kwathu, kumene ankaphunzitsa anthu kupalasa mabolodi. Bolodi yake ndi yaitali kuposa chitseko, imapopedwa mpweya mpaka kulimba ngati thabwa, ndiye munthu amaimirira pamwamba pake n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Tsiku loyamba kunali kuzizira koti mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinaona anthu asanu ndi mmodzi, ena a imvi, atavala masuti akuda a mphira othina thupi lonse, akulowa m'madzi uku akuseka. Ndinati mumtima, Abambo ananena zoona.

Ndinamupatsa moni kuti "Madamu". Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo ngati akufuna madamuyo, n'kundiuza kuti dzina lake ndi Orla basi, ndipo ine ndidzakhala Stan, chifukwa Stanley ndi lalitali pokuwa mphepo ikuomba. N'chifukwa chake ngakhale pano ndikumulemba wopanda "a" kutsogolo. Ndinamuuza msanga kuti sindidziwa kusambira, kuti kwathu madzi aakulu ndi a m'thanki ya fakitale. Anayankha kuti osambira ali nawo okwanira, chimene akusowa ndi munthu wa pamtunda, wosathamangira m'madzi, wokhala ndi maso ndi foni.

Ntchito yanga inali yambiri koma yosatopetsa mtima. Kupopa mabolodi, kutsuka masuti m'madzi opanda mchere, kuwiritsa tiyi, kuyendetsa vani. Aliyense wolowa m'madzi ankandisiyira makiyi a galimoto yake, ine n'kuponya m'chitini cha mabisiketi, ndipo sindinkatseka shedi chitinicho chisanatsale chopanda kanthu. Mavuto analipo. Winta masuti sauma. Tinali ndi kahita kamodzi kokha kotenthetsera m'shedi, ndiye suti imene wina wavula Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa inali ikadali yonyowa, yozizira ngati nsomba, ndipo fungo lake sindikulisimba. Magolovesi ankasowa, nsapato za mphira zinkakhala za mwendo umodzi. Ndinaphunzira kumata masuti ong'ambika monga tinkamatira machubu a lole. Chaka china ophunzira atachepa Orla anachotsa aphunzitsi awiri, n'kutsala iye ndi ine. Tinkadya masangweji athu m'vani, injini ikulira kuti tifundeko.

Mafunde akakula kumadzulo kwa dziko, tinkanyamuka m'bandakucha ndi gulu lina, la okwera mafunde. Awa mabolodi awo ndi aafupi, olimba, opanda nkhafi. Amagona chafufumimba, kupalasa ndi manja, funde likawanyamula n'kudzuka kuimirira. Ulendo wake unali wa maola atatu, ndipo apo ndiye ndinkakhala mfumu, chiwongolero chili m'manja. Amati winta ndiye nyengo ya mafunde abwino. Ine ndinkaona mapiri a madzi otuwa akugubuduka, anthu akuoneka ngati nyerere m'munsi mwake, ndiye ndinkangogwira kolona yanga m'thumba. Potuluka manja awo ankakhala atauma moti sankatha kugwira zipi. Ndamasulapo zipi za madokotala, maloya, ngakhale wapolisi mmodzi, ataima chowerama ngati ana a mkaka, mano akugundana, akundithokoza. Ndikawapatsa kapu ya tiyi wa shuga wambiri ankati palibe tiyi wokoma ngati wanga, osadziwa kuti ndi kuzizira kumene kunkakometsa.

Phunziro lalikulu Orla anandipatsa sabata yachiwiri. Tsikulo nyanja inali bata, yosalala ngati tebulo, dzuwa likuwala, koma iye anaimbira foni ophunzira onse kuti asabwere. Ndinadabwa. Anandiloza mbendera yofiira imene inali padenga la shedi. Inali itaongoka, mchira wake ukuloza kunyanja. Anati mphepo ikamachokera kumtunda imasita madzi a m'mphepete kuti aoneke aulemu, ndipo pagombe suimva kwenikweni chifukwa mitunda ya mchenga imakutchinga. Koma ukangopalasa pang'ono imakupeza, thupi lako limasanduka thanga, ndipo imakukankhira kutali msanga kuposa mmene ungapalasire pobwerera. Ukagwamo mu Novembala, madzi amakugwira pakhosi n'kukulanda mpweya usanaganize zosambira. "Stan, mbendera ikaloza kunyanja, bolodi situluka," anatero. "Ngakhale abwere ndani. Ngakhale ndibwere ineyo nditapenga." Anawonjezanso kuti bolodi ikathawa yopanda munthu ndiziimbira msanga anthu opulumutsa panyanja, chifukwa aliyense woiona adzaganiza kuti mwini wake wamira.

Chinthu chimodzi chokha n'chimene tinkasemphana. Wina akapempha zosatheka, monga suti youma pamene kulibe, ine ndinkayankha kuti tiona, kapena tidikire pang'ono. Orla zinkamutopetsa. Ankafunsa kuti kodi "tiona" wangayo ndi inde kapena ayi. Ndinayesa kumufotokozera kuti kwathu munthu wamkulu sumukanira pamaso. Umazungulira, umamuonetsa mmene zinthu zilili, iye n'kubwerera yekha ulemu wake uli m'manja. Anapukusa mutu n'kunena kuti nyanja sidziwa zimenezo. Ine ndinkaona kuti anthu akuno ndi ouma pakamwa. Iwe Chikondi ukukumbukira tsiku lija uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Abambo atakupempha kuti uimbe nyimbo pamaso pa alendo, iwe n'kuwayankha kuti ayi, kamodzi, n'kupitiriza kudya. Ndinakukalipira njira yonse m'galimoto mpaka unagona ukusisima.

Novembala wa chaka changa chachisanu ndi chimodzi ku shedi

Chaka chimenecho akuluakulu awo anawauza Bambo Matiyasi kuti akapume kwawo. Anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri, akumwa mapiritsi a mtima m'mawa ndi madzulo. Tikiti inali ya Lachinayi, ndipo tinapangana kalekale kuti ine ndidzawaperekeza ku bwalo la ndege ndi katundu wawo yense. Koma anali ndi khumbo limodzi asanapite. Iwo anakulira m'bwato, ankatero, ndipo zaka zonsezi akhala akuona anthu anga openga aja akuimirira pamadzi. Ankafuna aimirireko kamodzi, awajambule, kuti ku Nkhotakota akaone kuti nyanja ya Azungu nayonso anaipalasa. Orla anavomera mokondwa. Anati Loweruka lomaliza adzalowa nawo yekha m'madzi, pafupi ndi gombe, atawaveka suti ndi jekete yoyandamitsa. Nkhani inamveka ku mphakati wathu wonse, amayi n'kugawana zophika.

Loweruka m'mawa, cha m'ma 7 koloko, Orla anandiimbira. Anati mphepo yatembenuka, ikuchokera kumtunda ndipo ikulirakulira, choncho zonse zalephereka. Iye apezerapo mwayi woperekeza mayi ake kukapimidwa maso kuchipatala. "Uwaimbire Abambo uwauze," anatero. Ndinati chabwino. Ndinakhala pampando foni ili m'manja, dzina lawo likuoneka, chala osatsika. Ndiwauze bwanji munthu amene anandipezera ntchito yomweyi kuti musabwere? Ndinaganiza kuti bola abwere, aone okha nyanja itakwiya, anene okha kuti a Mbewe, tisiye. Mayi anu anandifunsa ngati ndaimba. Ndinati tiona. Akulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndipo tsiku limenelo nkhosa zake zinali zanga.

Nditafika ku shedi mtima unangoti phwii. Nyanja inali yokongola kuposa masiku onse, yosalala, yonyezimira, yopanda ndi kafunde komwe. Koma mbendera padenga inali itaongoka kuloza kunyanja, chingwe chake chikumenya mtengo. Cha m'ma 10 galimoto zinayamba kufika. Anthu ngati khumi ndi asanu, amayi atavala zitenje pamwamba pa majekete, mapoto a mpunga ndi nkhuku, mandasi m'chidebe. Abambo anatsika atavala chipewa cha ubweya, akupukusa mapewa ngati wankhonya. Amayi analuluta.

Ndinayamba kuzungulira. Ndinati Orla wachoka pang'ono. Abambo anati palibe kanthu, mwini makiyi ndinu. Ndinati tiyambe tamwa tiyi. Anati tiyi akoma potuluka m'madzi. Ndinati masuti sanaume bwino. Anati wansembe saopa madzi, amabatiza nawo. Anthu anaseka. Ndinaloza mbendera n'kufotokoza za mphepo monga Orla anandiphunzitsira, mawu anga ali otsika. Abambo anayang'ana mbendera, kenako nyanja, n'kundigwira paphewa. "Mwana wanga, ine mwera ndimaudziwa. Unandipezapo pakati pa nyanja ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, bwato litadzaza usipa. Mphepo yoopsa imabwera ndi mafunde. Apa pali chiyani? Awa ndi madzi a m'beseni." A Tembo, mnzathu wa ku Chipata uja amene ankagwira ntchito yonyamula katundu ku bwalo la ndege, anali atakweza kale foni kuti ajambule. "Imwe a Mbewe, manje vuto ili pati?" anatero. "Munthu wa ku tiyi afuna kuphunzitsa munthu wa kunyanja?" Anthu anasekanso.

Apa ndi pamene ndinachita chopusa chimene ndimachikumbukira mpaka lero. Ndinaganiza kuti mphepo indiyankhulire. Tinali ndi bolodi yakale yachikasu, yopindika pang'ono, imene tinkaitcha Nthochi. Ndinainyamula, kulowa nayo m'madzi mpaka m'maondo ndi majombo anga a mphira, n'kunena kuti Abambo, taonani. Maganizo anga anali oti ndiisiye pang'ono, aone ikusuntha, ine n'kugwira chingwe chake n'kuibweza. Ndinachotsa dzanja. Inayamba pang'onopang'ono ngati ikuganiza, kenako inatembenuza mutu, chingwe n'kundipulumuka m'zala zozizira zija. Ndinaponya phazi limodzi, lachiwiri, madzi n'kulowa m'majombo, kuzizira kwake kunandibaya mpaka m'mutu. Ndinaima pomwepo chifukwa kupitirira apo kunali kufa kwanga. Tonse tinangoyang'ana. Nthochi inadutsa chizindikiro choyandama chimene ophunzira athu sankaloledwa kupitirira, inasanduka kadontho kachikasu, ndipo mphindi zochepa sitinaionenso. A Tembo anatsitsa foni.

Ndinatuluka m'madzi ndikunjenjemera, koma mumtima ndinati bola zatheka, aona okha. Ha! Sindinawadziwe bwino Abambo. Anakhosomola n'kunena kuti, "Imeneyo ndi yopanda munthu. Ngakhale bwato ukalisiya lokha limapita. Munthu ali ndi nkhafi m'manja sizingatero. Tengani ina, a Mbewe, nthawi ikutha." Ndipo anayamba kuyenda kulowera ku chitseko cha shedi, akumasula mabatani a jekete.

Ana anga, ndanyamulapo katundu wolemera pa moyo wanga, koma palibe chinandilemera ngati masitepe asanu amene ndinayenda kukaima pakhomo paja. M'maso mwanga ndinkaona chipewa cha ubweya chija chikusanduka kadontho monga Nthochi, ine nditaima pagombe ndi foni, ndikuuza anthu kuti ndinalephera kukana chifukwa cha ulemu. Ndinakoka chitseko, kulowetsa loko, kutseka, kiyi n'kuika m'thumba la mkati. Sindinagwade, sindinawombe m'manja. Ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo.

"Ayi, Abambo. Simulowa m'madzi lero."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi. Sindikupatsani bolodi."

Mayi wina anati, "Mayo ine!" chapansipansi. Dzanja la Abambo linali likadali pa batani. Ndikanakonda akanandilalatira, kapena kundikumbutsa amene anandibweretsa pa ntchitoyo. Sanatero. Anamanga mabatani awo limodzilimodzi mpaka m'khosi, n'kunena mofatsa kuti, "Tamva, bwana. Zikomo." Sanandiitanepo bwana chiyambire. Anakalowa m'galimoto ya a Tembo n'kutseka chitseko. Amayi ananyamula mapoto awo osatsegula. Mayi anu okha ndiwo anatsala, ndipo anangondivula majombo n'kukhuthula madzi.

Ndili chikhalire opanda nsapato ndinakumbukira lamulo lachiwiri lija. Ndinaimbira opulumutsa anthu panyanja n'kuwauza kuti bolodi yachikasu yathawa yokha, palibe munthu m'madzi, wolakwa ndi ine. Mayi amene anayankha anafunsa kukula kwake ndi zimene zinalembedwapo, n'kundithokoza kuti ndaimba msanga anthu awo asanatuluke kukafuna mtembo umene kulibe. Orla anafika masana. Ndinamufotokozera zonse osabisa, kuyambira pa foni imene sindinaimbe, n'kumupatsa makiyi a shedi poganiza kuti ntchito yatha. Anawayang'ana, kundiyang'ana ine, n'kuwabweza m'dzanja langa. "Ndiye wataya bolodi yanga pothawa liwu limodzi, kenako liwulo walinenabe," anatero. Ndinavomera. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti bolodi ndi pulasitiki chabe, nditeleke tiyi.

Masabata otsatira

Lamulungu, pa Misa yawo yotsanzika, Abambo anathokoza anthu ambiri powatchula maina. Langa silinamveke. Panja anthu ankandipatsa moni wa m'mphepete mwa milomo. Ena ankati a Mbewe alowa chizungu, ena ankati kantchito ka makiyi kawakwera kumutu. Lachitatu a Tembo anandiimbira kuti ndisavutike za ku bwalo la ndege, akonza kale galimoto ina. Lachinayi masana ndinaima kuseri kwa nyumba yathu, kumene ndege zimadutsa pamwamba pa zingwe zoyanikira zovala, n'kumaziyang'ana imodziimodzi osadziwa kuti yawo ndi iti. Ndinalira, ndisakunamizeni. Bambo wondibereka sindinawaike m'manda, ndipo awa anachoka osanditsanzika. Masiku ena ndinkadzifunsa ngati mwina akanapalasa bwinobwino mphindi zisanu n'kutuluka akuseka, ine n'kukhala kuti ndawachititsa manyazi pachabe.

Patatha milungu itatu foni ya ku shedi inalira ndili ndekha, ndikumata suti. Anali mayi wa kayankhulidwe kachilendo. Anati akuyenda ndi galu wake m'mphepete mwa nyanja wapeza bolodi yachikasu itakodwa m'miyala, ili ndi nambala yathu. Ndinafunsa kuti ali gombe liti kuti ndibwere ndi vani. Anaseka, n'kunena kuti vaniyo iyenera kudziwa kusambira, chifukwa iye ali ku Wales, tsidya lina la nyanja. Ndinakhala pa chidebe. Mnzake wa Orla woyendetsa lole zokwera sitima ya pamadzi ndiye anatibweretsera Khirisimasi isanafike. Inali itaphwa mbali imodzi, yokalikakalika, ndere zitamera pa chingwe.

Mayi anu anati ndiijambule nditumize ku Nkhotakota. Ndinakana, poopa kuti zioneka ngati ndikudzitama kuti ndinalondola. Anati, "Inu mwaphunzira kukana tsopano mpaka mukanira ndi ine ndemwe? Tumizani." Ndinatumiza chithunzicho ndi mawu ochepa: moni, ndi dzina la kumene yapezeka. Panadutsa masiku anayi kuli chete. Lachisanu m'mawa ndikutsuka masuti foni inanjenjemera m'thumba. Anali mawu ojambula. Ndinapukuta manja, kulowa m'vani, kutseka chitseko, n'kutsegula. Kumbuyo kunkamveka tambala ndi ana akusewera. Mawuwo ndawamvera kambirimbiri moti ndikulemba osayang'ana.

"A Mbewe, ndi ine. Chithunzi ndachiona. Ndapita nacho kwa mphunzitsi wa pasukulu pano kuti andionetse pa mapu, ndipo ndaona pamene pali Dublin ndi pamene pali Wales. Ndakhala chete masiku anayi chifukwa manyazi a munthu wokalamba sachoka msanga. Ayi wanu uja anandiwawa, mwana wanga, anandiwawa kwambiri, pamaso pa akhristu anga. Koma dzulo mlongo wanga anandiphikira chambo, ndadya ndi manja angawa, ndipo ndinaganiza kuti akanalandira bokosi, kapenanso osalandira kanthu. Amati mawu a akulu akoma akagonera. Ulendo uno agonera ndi a mwana." Apa anatsokomola, ndipo ndinazindikira kuti ayamba kuseka. "Koma tsiku lina mukadzafuna kukana munthu, muzingokana poyamba pomwe. Musamayambe mwataya katundu wa eni ake."

Ndinakhala m'vanimo mpaka magalasi anachita nthunzi. Orla anagogoda kufunsa ngati ndili bwino. Ndinati inde, ndipo ulendo umenewo anali inde weniweni.

Nditapuma ntchito

Ndinagwiranso zaka zisanu ku shedi, mpaka maondo anayamba kukana kunyamula mabolodi pamchenga. Pa zaka zimenezo ndinakaniza anthu ambiri, ena okwiya, ena oyenda ulendo wautali, ndipo sindinatayenso bolodi ina. Abambo anakhala zaka zitatu ndi miyezi kwawo. Tinkayankhulana mwezi uliwonse, ndipo funso lawo loyamba nthawi zonse linali lakuti mbendera yaloza kuti lero. Anamwalira pabedi pawo, mlongo wawo ali pambali, ndipo anaikidwa m'dothi la kwawo. Tsiku langa lomaliza Orla anandifunsa chimene ndikufuna kutenga cha chikumbutso. Ankaganiza kuti nditchula chitini cha makiyi. Ndinaloza pakona pamene Nthochi inali itatsamira, yosagwiranso ntchito, ndipo anandithandiza yekha kuikweza padenga la galimoto.

Ndiye ndi imeneyo ili m'galajayo, Chikondi. Usaitaye ndikadali moyo. Ndipo za tsiku lija ndinakukalipira m'galimoto chifukwa chokana kuimba, unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha ndipo unanena kamodzi, momveka, liwu limene bambo ako linawatengera zaka makumi asanu ndi limodzi ndi bolodi imodzi ya eni ake. Sindinakupepesepo. Pepa, mwana wanga.